Dzina la Agogo Anu m'Nyumba ya Malamulo

Tamanda, pepala limenelo usaikepo kapu ya tiyi. Si la ogulitsa pitsa ayi, ndi kalata ya phungu. Bwera nalo kuno. Iwenso Yankho, chotsa tinthu tako ta m'makututo ukhale apa. Mayi anu aweruka folo koloko kuchipatala, ndiye nthawi tili nayo. Ndiyankhula Chichewa. Mumamva, ndikudziwa, kungoti pakamwa ndi pamene pamakulemerani. Muziyankha m'Chingerezi chanucho, palibe mlandu.

Kalata imeneyi imabwera kanayi pa chaka. Imachokera kwa phungu wa dera lathu lakale, kuja ku Woolwich. Ife tinasamuka kale, kuno ku Barking phungu ndi wina, koma ndinapempha kuti azinditumizirabe. Taonani zimene zilimo. Basi ina aisinthira njira, anthu a m'misewu iwiri akudandaula. Laibulale iyamba kutseka msanga Lachinayi. Ana a sukulu ina abzala mitengo, ndipo phunguyo akuoneka pachithunzi atagwira fosholo, kagwiridwe kake kakuonetseratu kuti sanalimepo. Ogulitsa pamsika akukangana ndi khonsolo za malo oimika magalimoto. Tsopano tsegula tsamba lachitatu, m'munsi umo. Akuti bilu ya zikepe yabwereranso ku Nyumba ya Malamulo ya dziko la Angerezi lino kachitatu, ndipo ikudikira kukakambidwa ku komiti. Chikepe ndi chimene inu mumati lifiti. Bilu ndi lamulo limene likadali pa pepala, aphungu asanalivomereze. Mizere inayi yokhayi ndi imene ndimayembekeza m'kalata yonseyi, chifukwa bilu imeneyi ikukhudza agogo anu aakazi, malemu Anaphiri. Munali aang'ono pamene zinkachitika, ndipo mayi anu sakonda kuzikamba.

Koma ndiyambire kutali, apo ayi simumvetsa chifukwa chake ine ndinachita zimene ndinachita.

Ntchito yanga yoyamba inali ku Zomba, masiku amene Nyumba ya Malamulo ya kwathu inali kumeneko. Tinalipo anyamata anayi olemba zimene aphungu akuyankhula. Tinkakhala pa katebulo m'munsi mwa mpando wa sipikala, aliyense ndi kabuku kake ndi mapensulo atatu osongola mbali zonse ziwiri. Tinkalemba shotihandi, tizizindikiro tokhotakhota totha kuthamanga limodzi ndi pakamwa pa munthu. Ukalemba mphindi khumi ndi zisanu mnzako ankakulandira, iwe n'kuthamangira ku ofesi kukatayipa. Makina otayipira anali akuda, achitsulo, oti kunyamula wekha umachita kupuma panjira. Ukafika kumapeto kwa mzere kabelu kankalira. Pakati pa mapepala tinkaikapo kaboni kuti atuluke atatu, ndiye ukalakwitsa chilembo chimodzi unkafufuta katatu. Iwe Yankho umalemba ndi zala ziwiri pafoni n'kumadziona ngati waliwiro. Ine ndinkalemba ndi zala khumi, maso ali pa kabuku, osayang'ana makina.

Masana tinkadya zitumbuwa za mayi wina amene ankakhala panja pa geti, zokulungidwa m'pepala lakale la ofesi yathu lomwe. Nyengo yake ikafika, amayi ankatsika kuphiri ndi mapichesi ndi mabulosi m'timadengu. Mapichesi a m'masitolo a kuno ndi aakulu, okongola, koma ukaluma umangomva madzi. Izo ndi zina.

Bilu masiku amenewo sinkachedwa. Nduna inkawerenga m'mawa, aphungu n'kumaimirira mmodzimmodzi kuyamikira, ena n'kumamenya matebulo. Pofika nthawi ya tiyi wa madzulo lamulo ladutsa. Ndipo phungu sankalembera anthu ake kalata ngati iyi. Ankapita pa bwalo la sukulu, anthu atasonkhanitsidwa kuyambira m'mawa, masitolo atatsekedwa. Ankayankhula, amayi n'kuvina, iye n'kukwera galimoto. Wofunsa funso panalibe.

Panali phungu wina, mphunzitsi wakale, wa dera lina la kuchigwa. Dzina sindikuuzani, ana ake akadali moyo. Anali munthu wosayankhulayankhula. Tsiku lina anaimirira pa nthawi imene ine ndinali pa katebulo kaja, nati: "Bwana sipikala, mlatho wa kwathu unakokoloka zaka zitatu zapitazo. Tinalonjezedwa, tinawomba m'manja. Tinalonjezedwanso, tinawombanso m'manja. Mwezi watha amayi awiri apita ndi madzi akupita ku sikelo, ana ali kumbuyo. Anthu akwathu akundifunsa kuti tiziwombabe m'manja kapena tiyambe kuphunzira kusambira."

Ine ndinalemba mawu onse, chifukwa ndiyo inali ntchito yanga. Ndinakatayipa. Tisanaweruke, mkulu wa ofesi yathu anabwera pa tebulo langa ndi tsambalo m'manja.

"Magombo, tsamba ili lili ndi mawu ambiri," anatero, n'kudula mizere isanu ndi pensulo yofiira.

Ndinalitayipanso. Pamalo pa mizere isanuyo ndinalemba kuti wolemekezeka phungu anafunsa za chitukuko cha misewu m'dera lake. Ndinatalikitsa mipata bwinobwino kuti tsamba lidzaze, pasaoneke pamene pachotsedwa kanthu. Inali ntchito yaukhondo, mkulu uja anandiyamikira. Nyumba itakumananso, mpando wa phunguyo unali wopanda munthu. Tinamva kuti ali m'ndende. Anatuluka patapita zaka, n'kukamwalira kumudzi kwawo. Sindinamulembere kalata, ndipo sindikudziwa ngati ankadziwa amene anatayipa tsamba lija.

Patapita miyezi, anthu ena ovala bwino anayamba kubwera ku ofesi kudzafunsa kuti ndani anaona tsamba loyamba lija, chifukwa mawu a phunguyo anali atamveka kunja. Mnzanga mmodzi anamutenga Lolemba. Lachitatu ine ndinapempha tchuthi, ndinati kuli maliro ku Mchinji. Ndinakwera basi ya m'mawa ndi kachikwama kamodzi. Basi zake zinali zoti pachitunda mumatsika amuna nonse kuti ipepukidwe. Ndinagona kwa msuweni wanga, m'mawa mwake ndinadutsa malire pa njinga yobwereka, njira ya m'minda, ngati munthu wopita kukaona ng'ombe. Agogo anu ananditsatira ku Chipata patapita miyezi itatu, dengu la mtedza pamutu, mayi anu Chisomo ali kumbuyo. Wapolisi atawafunsa kumene akupita, anamugulitsa mtedza. Tinakhala ku Lusaka zaka zinayi, kenako anthu a mpingo anatithandiza kubwera kuno.

Kuno ndinagwira ntchito yosunga mafayilo pachipatala mpaka ndinapuma. Agogo anu ankasamalira nkhalamba m'nyumba zosungira okalamba: kuzisambitsa, kuzidyetsa, kuzitembenuza pabedi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri. Zaka zonsezo ine ndinali ndi lamulo langa limodzi: dzina langa lisalembedwe pa pepala lililonse lopita kwa anthu a ndale. Kuvota ndinkavota, chifukwa pa pepala lovotera sulembapo dzina. Koma kutchalitchi kwathu ku Peckham akabwera ndi pepala loti tisaine, kudandaula za ichi kapena icho, ine ndinkakumbukira kuti ndaiwala magalasi. Ngakhale zinthu zitasintha kwathu, anthu n'kuyamba kutukwana atsogoleri pa wailesi, dzanja langa silinasinthe.

Ku Woolwich tinkakhala m'nyumba yaitali ya nsanjika khumi ndi zinayi. Ife tinali pa ileveni. Pawindo tinkaona mtsinje ndi ndege zikutera kutsidya. Tili ndi mphamvu tinkakonda malowo. Kenako agogo anu anadwala sitiroko, mwendo wamanzere n'kuyamba kukoka. Pamalo osalala ankayenda ndi chogwirira chawo chachitsulo, pang'onopang'ono, koma masitepe ayi, ngakhale atatu. Chikepe ndicho chinali miyendo yawo.

Chinkawonongeka kawirikawiri, tsiku limodzi, masiku awiri. Koma chaka chimenecho, nyengo yozizira itangoyamba, chinaima osadzukanso. Pa chitseko chake anamatapo pepala lopepesa. Ndinkaimba foni ku kampani yoyang'anira nyumbayo m'mawa uliwonse. Ankandiyimbira nyimbo kaye, kenako mtsikana waulemu n'kundiuza kuti chitsulo chake chikuchokera kunja. Sabata yachiwiri, chitsulo chikuchokera kunja. Sabata yachitatu, chitsulo chafika koma si chake.

Masitepe ndinkawakwera kamodzi pa tsiku, ndi thumba la zogula. Ndinkapuma pa folo, ndinkapumanso pa seveni. Pa seveni pankakhala a Daka, mkulu wa ku Zambia amene kale ankayendetsa basi. Ataona mmene ndinkapumira, anatulutsa mpando n'kuusiya panja pa khomo lawo. "Nkhalani mudala, mupumuleko," ankatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Aba bantu bafuna tifele mu masitepu." Tinkakhala pamenepo kukamba za Lusaka, kenako ine n'kupitiriza.

Agogo anu anaphonya masiku awo a kuchipatala kumene ankawaongola mwendo. Anaphonya tchalitchi. Zimenezo anapirira. Koma mkati mwa milungu imeneyo mnzawo wapamtima, mayi Gondwe, amene anagwira naye ntchito zaka zambiri, anagonekedwa m'chipatala. Anatumiza uthenga kawiri kuti Elube abwere. Elube ndilo linali dzina la agogo anu, kapena simulidziwa, poti munkangoti agogo. Mayi anu anafunsa za anthu onyamula odwala, anauzidwa kuti amabwera ngati wodwalayo ndi amene akupita kuchipatala, osati kukazonda wina. Anyamata a kutchalitchi analonjeza kudzawanyamula Loweruka. Mayi Gondwe anamwalira Lachinayi. Tsiku la mwambo kunagwa chisanu chambiri, masitepe ananyowa ndi nsapato za anthu, ndipo tinaopa kuti anyamata aja angawagwetse agogo anu. Agogo anu anaonera maliro pafoni, atavala yunifolomu yawo ya amayi a mvano, atakhala pa mpando wa pawindo. Nyimbo ankaimba nawo. Foni ikaduka ankadikira, ikabwerera n'kupitiriza pamene ena afika.

M'mawa mwake anandipatsa kalata ya phungu, yonga iyi. Kumbuyo kwake kunalembedwa kuti phungu amakumana ndi anthu Lachisanu lililonse m'chipinda china cha ku laibulale.

"Bambo a Chisomo, mupite," anatero.

"Kukatani? Aphungu ndimawadziwa ine."

"Mumadziwa a ku Zomba. Mupite."

Ndinapita, nditavala tayi. Ndinapeza anthu pamzere wa mipando, wina ndi mapepala a viza, wina ndi chithunzi cha khoma la nkhungu. Panalibe wapolisi, panalibe wovina. Phunguyo anali mayi wamfupi, wovala nsapato zothamangira, ndi fulasiki ya khofi pa tebulo. Anandimvetsera osandidula. Anati nkhani ya zikepe waimva m'nyumba zina zitatu, ndipo palibe lamulo lonena masiku amene chikepe chingakhale chakufa m'nyumba yokhala okalamba ndi olumala. Anati wapeza mwayi wobweretsa bilu yakeyake, ndipo akufuna ikhale imeneyi: chikepe chikonzedwe m'masiku owerengeka, apo ayi eni nyumba apezere anthu malo apansi.

"Koma a Magombo," anatero, "aphungu anzanga samva manambala. Amamva munthu. Kodi mungalole kuti ndikatchule dzina la akazi anu m'Nyumba, ndi kulemba nkhani yawo m'kalata yanga?"

Ndinati ayi. Ndinati anene kuti mayi wina wake. Anandiyang'ana pang'ono, nati palibe vuto, akulemekeza zimenezo, ndipo alembera kampaniyo tsiku lomwelo. Anandipatsa khadi lake. Ndinatuluka, ndinagula mkaka, ndinakwera masitepe. Pa seveni sindinakhale.

Agogo anu nditawafotokozera, anafunsa funso limodzi.

"Dzina limene mwakanizalo ndi la ndani?"

"Ndi lathu."

"Ndi langa. Elube. Anandipatsa ndi azakhali anga, inu kulibe. Mukuopa kuti atitenga? Atipititsa kuti? Angayambe atitsitsa kaye, ndipo ine ndingathokoze."

Anatenga khadi lija m'thumba la jekete yanga n'kuimba okha. Kenako anandiuza kuti nditenge pepala, chifukwa chidwalireni sitiroko kulemba kunkawavuta. Iwo ankanena m'Chichewa, ine n'kumalemba m'Chingerezi. Pa mzere wina ndinati apa tifewetse pang'ono. Anati, "Mulembe mmene ndanenera." Ndinalemba mmene ananenera. Anasaina okha, zilembo zopendekera, n'kundipatsa cholembera. Malo anali pansi pa dzina lawo. Ndinachigwira nthawi yaitali ndithu. Iwo sanandikakamize, ankangoyang'ana pawindo. Ndinasaina.

Chikepe chinakonzedwa sabata yachisanu itatha, masiku anayi kalata ya phungu itafika ku kampani. Kaya chitsulo chinangofika pa nthawi yake, kaya ndi kalatayo, sindikudziwa. Bilu inatenga nthawi. Kalata ya nyengo yotsatira inati yawerengedwa koyamba. Kuwerenga koyamba, ana inu, ndi kungotchula dzina la bilu, basi, palibe chokambirana. Kalata inayo inati tsiku lokambirana laikidwa, Lachisanu, ndipo phungu anatitumizira makadi awiri olowera. Agogo anu anakana. Anati ulendo wa sitima ndi wautali, ndipo akaona phungu wina akugona angathe kumudzutsa. Ndinapita ndi a Daka.

Anatisecha pa khomo, anatilanda mafoni, anatikweza m'chipinda cha alendo, kuseri kwa galasi. Ndinali ndisanalowe m'nyumba ya malamulo iliyonse chichokereni ku Zomba. Mipando yambiri inali yopanda anthu, chifukwa Lachisanu aphungu ambiri amakhala ali kumadera kwawo. Ndinayang'ana kumene kumakhala olemba. Ndinawaona, achinyamata, odekha, akusinthana monga mmene tinkachitira ife.

Phungu wathu anaimirira dzuwa litapendeka kale, chifukwa bilu ina inali patsogolo. Anafotokoza za lamulolo, kenako anatulutsa pepala limene ndinalizindikira. Anati, "Mawu awa ndi a mayi Elube Magombo a m'dera langa." Dzina analitchula bwino, ankaoneka kuti anayeserera. Ndiye anawerenga: "Ndasambitsa nkhalamba za dziko lino zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ena anali makolo anu. Ndinkawanyamula ndi msana wanga, sindinawauze kuti chitsulo chikuchokera kunja. Mnzanga anandiitana kawiri ali kumwalira, sindinapite. Sindikupempha mendulo. Ndikupempha kutsika pansi."

A Daka anandigwira mkono. Ine ndinapeza kuti chala changa chikuyenda pa bondo, chikulemba shotihandi pa thalauza. Ndinayang'ana kukhomo, kaya ndinkayembekeza ndani. Panali mlonda wokalamba akuyasamula.

Kenako anaimirira phungu wina wa mbali ina. Anayamikira mayi Magombo, anayamikira phungu wathu, anati nkhaniyi ndi yofunika zedi. Ndiye anayamba kufotokoza mbiri ya zikepe, mitundu ya zingwe zake, chikepe cha mu hotela ina imene anagonamo ali mnyamata. Ankayang'ana wotchi ya pakhoma mosabisa. A Daka anandinong'oneza, "Uyu muntu akamba chani?" Ine ndinali nditazindikira kale. Pa mabilu a Lachisanu, nthawi ikatha musanavote, bilu imabwerera kumapeto kwa mzere. Nthawi inatha iye akadali chiimire. Anakhala pansi, anatola mapepala ake, anthu n'kumabalalika.

Masiku awiri pambuyo pake mayi anu anasindikiza zolembedwa za tsikulo, poti kuno aliyense atha kuziona. Ndinakhala pa tebulo ndi kope ya kalata ya agogo anu, ndinayerekeza mzere ndi mzere, chala pa pepala. Zonse zinalimo, ndi za chitsulo chochokera kunja zomwe. Za hotela ya phungu winayo zinalimonso, masamba anayi. Agogo anu anafunsa kuti, "Achotsapo chiyani?" Ndinati palibe. Anati, "Ndiye mwakhaliranji chete?" Ndinawauza za mizere isanu ija. Zaka zonsezo ankadziwa kuti tinathawa chifukwa cha tsamba lina, koma sankadziwa kuti amene analikonza ndine. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa ngati amayi awiri aja anatchulidwa mayina. Ndinati ayi, phunguyo sanawatchule. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti ndiwathirire tiyi. Sanaikambenso nkhaniyo.

Musaganize kuti ndikukuuzani kuti kuno n'kwabwino, kwathu n'koipa. Kwathu kwa masiku aja lamulo linkadutsa tsiku limodzi, ndipo wofunsa ankasowa. Kuno wofunsa amabwerera kwawo pa sitima, mawu ake amasungidwa bwinobwino, ndipo chikepe chimafabe. Bilu ija inabweranso chaka chotsatira, inafika patsogolo pang'ono, kenako kunabwera chisankho, zonse zimene zinali pamzere n'kugwa. Phungu wathu anapambananso, anayambiranso poyamba. Kalata iliyonse inkanena zoona zake: tafika apa, tabwerera apa. Pakati pa nkhani za mabasi ndi za zinyalala, mizere inayi.

Chimene phungu anakwanitsa msanga ndi nyumba ino. Analemba makalata kwa chaka chathunthu mpaka anatipezera malo apansi kuno ku Barking. Tsiku losamuka, chikepe chinali chitafanso kuyambira dzulo lake. Anyamata anayi a kutchalitchi anawakhazika agogo anu pa mpando wa kukhitchini, anawamanga ndi chitenje m'chiuno, n'kuyamba kutsika. Agogo anuwo ankalamula ngati kondakitala. Pa nsanjika iliyonse ankati imani, agogode pa khomo la uje atsanzike. Pa naini panali mayi wa ku Somalia wa mwana woyenda pa njinga ya olumala. Agogo anu anamupatsa khadi la phungu lija, lomwe linali litatha m'mbali, namuuza m'Chingerezi kuti, "Upereke dzina lako, usaope." Pa seveni a Daka analira poyera. Kutsika kunatenga ola lathunthu, anyamata aja malaya atanyowa.

Kuno anakhala chaka ndi miyezi isanu. Iwe Tamanda ukukumbukira mmene ankakutumira kuti utsegule chitseko, kungoti aone msewu. Tsiku lililonse lopanda mvula ankatuluka ndi chogwirira chawo mpaka pa sitolo ya pakona, kukagula chinthu chimodzi, kaya anyezi mmodzi. Mawa lake anyezi wina. Mwini sitolo ankadabwa. Anabzala mpiru ndi bonongwe m'zidebe panja apo, mbewu zake anachita kuitanitsa kwa mng'ono wawo ku Dedza. Sitiroko yachiwiri inawapeza m'mawa, akuthirira. Anakhala masiku atatu m'chipatala osayankhula, kenako anatisiya.

Mwambo wa maliro unachitikira ku Peckham. Anthu anadzaza, amayi a mvano anaimba mpaka mawu kusasa. Inu munakhala kutsogolo ndi mayi anu, ndiye simunaone. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kunakhala mayi wamfupi wovala zakuda, yekha. Sanabwere ndi wojambula, sanapemphe kuyankhula. Abusa atamva kuti ndi phungu anafuna kumuitanira kutsogolo, iye anakana ndi dzanja. Nyimbo sankazidziwa, ankangoimirira ena akaimirira.

Titatuluka anadikira mzere wonse wa opepesa uthe, kenako anabwera kwa ine. Anati pepani. Anati ankafuna lamulolo lidutse iwo akadali moyo, ndipo walephera. Ine ndinamufunsa zimene agogo anu akanafunsa.

"Mayi phungu, bilu ija idzadutsa?"

Ndinkayembekeza yankho limene ndinalilemba kambirimbiri ndi dzanja langali: zili m'dongosolo, boma likuganizira, posachedwapa.

"Sindikudziwa, a Magombo," anatero. "Ndidzaibweretsanso, chimenecho ndingalonjeze. Koma ngati idzadutsa, sindikudziwa."

Ndamvetsera aphungu kuyambira ndili ndi zaka makumi awiri, a mayiko awiri, ena ndikuwalemba mawu ndi mawu. Ameneyo anali woyamba kumumva akunena kuti sakudziwa. Ndinamugwira dzanja ndi manja awiri, monga timachitira kwathu. Ndinamufunsa ngati wadya. Anati ayi, wachokera ku msonkhano. Ndinamutengera m'holo, ndinamukhazika pakati pa a Daka ndi amayi a mvano, ndipo anamupakulira mpunga ndi nyemba m'mbale ya pepala ngati wina aliyense.